Seda ya pa dazi

Mdzukulu wanga wabwera kutchuthi kuno kwa Changata ndi mutu umene ndalephera kuumvetsa. M'mbali mwayera ngati tiyi wongodulira kumene, pamwamba pali chitsamba choti mpheta ikhoza kuikiramo mazira osaoneka. Atakhala pamphasa ndinatsokomola, monga achitira akulu akafuna kuyamba mlandu.

"Iwe, wometayo magetsi anamuthimira ntchito ili pakati?"

"Ayi agogo, ndi sitayelo."

Ndinamuuza kuti masiku athu mnyamata ankameta mwachizungu: tsitsi lalifupi, seda kumanzere, yowongoka ngati mzere wa tiyi. Sedayo ine ndinaivutikira. Tsitsi lathu silimvera chipeso ngati la azungu, ndiye msewuwo tinkachita kuulima ndi lezala. Malume ankandipana mutu ndi mawondo pansi pa mtengo wa mapeyala, lezala limodzi analithyola pakati, chidutswa chimodzi n'kumeta anyamata asanu. Womaliza ankamva ngati akumupalira ndi khasu. Tsiku lina seda yanga inanyamuka bwinobwino pamphumi, itafika paliwombo malume anayetsemula, msewu n'kukhotera kukhutu ngati wopita ku Thekerani. Mankhwala ake anali amodzi okha: mpala. Sabata yonse anzanga ankagogoda mutu wanga kuti amve ngati dzungu lakhwima.

Ndikanathera pomwepo ndikanapambana mlandu. Koma mayi a kunyumba, amene ankasenda nthochi pakhonde, analowererapo.

"Bambo, poti mwayamba za chizungu, muuzeni za dona wanu uja."

Nkhani imeneyi ndinawauza kamodzi kokha, tili pachibwenzi, ndipo analumbira kuti afa nayo. Ndili mnyamata ndinkapukuta m'nyumba ya bwana wa esiteti ina konkuno. Pakhoma panali chithunzi chakale cha kamwana kovala diresi, tsitsi lopotanapotana mpaka m'mapewa, kankhope ngati mngelo wa pakalendala. M'mawa uliwonse ndinkapukuta galasi lake n'kupereka moni: "Mwadzuka bwanji, dona wamng'ono?" Ndinauzanso kukhi kuti mtsikana ameneyu akanakula m'nthawi yanga ndikanatumiza ankhoswe. Tsiku lina bwana anandipeza ndikumwetulira chithunzicho. M'Chichewa chake chothyokathyoka anandiuza kuti amenewo ndi bambo ake, amene anadzamenya nawo nkhondo ya 1914 ali ndi ndevu zapamlomo. Kukhi anaseka mpaka supu anapserera.

Zaka zonsezi ndimadzitonthoza kuti bwana ankangondinamiza. Mdzukulu wanga, atatha kugubuduka ndi phwete, anatulutsa foni n'kundichotsera ndodo yomaliza imene ndimayendera.

Zoona zake n'zakuti pa nthawi ya Mfumukazi Victoria, amene analamulira kuyambira 1837 mpaka 1901, anyamata aang'ono ku England ankavala madiresi mpaka zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ambiri tsitsi lili lalitali. Tsiku lowaveka buluku loyamba ndi limene kawirikawiri ankawameta, ndipo mayi ankatola tsitsi lina n'kulisunga m'kabokosi kuti azikumbukira. Tangoganizani zimenezo kuno. Mayi apezeke ndi tsitsi la mwana m'kabokosi, dzuwa lisanalowe ali pabwalo la amfumu. Malume ankakwirira lathu lonse, kuopa a maso ofiira.

Ndiye mu 1886 kunatuluka buku la Frances Hodgson Burnett lotchedwa Little Lord Fauntleroy, lonena za kamnyamata kovala suti ya veleveti, kolala yoluka, tsitsi lopotana mpaka m'mapewa. Amayi a m'mabanja opata anapenga nalo. Anyamata oti kwathu kuno ayamba kale kutchera mbewa ankagona tsitsi litakulungidwa m'tinsanza kuti m'mawa lidzuke lopota. Amene ankametedwa mpaka pakhungu anali ana a m'nyumba zosungiramo amphawi, chifukwa cha nsabwe. Apa ndinakhala chete pang'ono. Kani mpala imene aphunzitsi ankatiuza kuti ndiyo ukhondo wachizungu inali ya azungu osauka!

Seda yokha inalipodi, mwa anyamata osinkhuka ndi abambo, ndipo ankaigoneka ndi mafuta otchedwa Macassar. Mafutawo ankadetsa mipando, choncho amayi anayamba kuika tinsalu toluka potsamira mutu. Ndinatembenuka kuyang'ana mpando wanga. Kansalu koluka ndi ulusi woyera kali pomwepo, kamene mayi a kunyumba amachapa Loweruka lililonse ndipo amakalipa kakagwa.

Ndinayesa kuthawira kwa Kamuzu. Munthu amene anakhala zaka zambiri ku Britain, wa suti ya zidutswa zitatu ndi chipewa chakuda, amene anamanga sukulu yophunzitsa Chilatini ku Mtunthama mu 1981, sakanalakwitsa za chizungu. M'zaka za m'ma 1970 boma lake linaletsa akazi mabuluku ndi timasiketi tatifupi, amuna n'kuwaletsa tsitsi lalitali. Alendo ofika pabwalo la ndege tsitsi lili m'mapewa ankayamba akumana ndi sizasi asanaone nyanja. Ine panthawiyo ndinali ndi afro yanga yabwino, imene inkakula cha kumwamba, yosatsikira kukhosi ngakhale pang'ono. Palibe anandiopseza. Ndinaimeta ndekha usiku, pa nyali ya koloboyi, chifukwa cha mantha ongobwereka kwa anzanga. Lamulo linachoka nthawi ya referendamu ya 1993, koma afro yanga sinamve uthengawo. Inali itayamba kale ulendo, kuyambira pamphumi kubwerera m'mbuyo, ndipo mpaka lero sinalembeko kalata.

"Ndiye kuti Kamuzu akanawameta bambo a bwana wanu aja?" anafunsa mdzukulu.

Ndinati mafunso otere ankasowetsa anthu.

Iye anapitiriza kuti chaka chamawa asunga madiredi, poti mu 2023 Khoti Lalikulu ku Zomba, pamaso pa Justice Zione Ntaba, linagamula kuti ana achirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo. Ndinamukumbutsa kuti iye si Rasta, ndi wa kwaya. Anati nkhani imeneyo akambirana ndi abusa.

Ndinavula chipewa kuti ndikande mutu ndipeze yankho, ndipo kumeneko ndiko kunali kulakwa kwanga komaliza. Dzuwa la masana linagunda padazi, nkhuku imene inali pafupi n'kutsinzina.

"Bambo," anatero mayi a kunyumba, "sedayo mukuilalikira chonchi, inu muiika pati?"

Anadzuka, anapukuta manja m'chitenje, analowa m'nyumba. Ndinawaona pawindo akuchotsa kansalu koluka pampando wanga n'kukayala pampando umene amakhala mdzukulu.