Kasamalidwe ka Kutchuka kwa Mtovu ku Chililalila

Munthu wokhala ku Chililalila, komboni yoyandikana ndi Makululu m'tauni ya Kabwe, ayenera kudziwa kuti chidwi cha maiko olemera pa matenda a amphawi sichibwera wamba, choncho dera limene lachipeza likuyenera kuchigwira ndi manja awiri. Kabwe anachipeza chifukwa cha mtovu, chitsulo chofewa chimene chinkakumbidwa pa mgodi wa Broken Hill kwa zaka pafupifupi 90 mpaka 1994, chomwe chikalowa m'magazi a mwana chimaononga ubongo wake kosabwereranso. Mu 2007 bungwe la Blacksmith Institute linaika tauniyi pa mndandanda wa malo 10 oipitsidwa kwambiri padziko lapansi, ulemu umene ngakhale Lusaka sanaulawepo.

Udindo waukulu wa kholo ndi kupereka mkono wa mwana kuti atengedwe magazi alendo akafika, popeza lipoti lopanda manambala silimveka kunja. Akatswiri a yunivesite ya Hokkaido abwera kudzayeza, a Human Rights Watch analemba lipoti mu 2019, ndipo mu 2016 World Bank inavomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni yokonzera madera a migodi, kuphatikizapo Kabwe. Kholo lisadandaule kuti magaziwo akupita kutali, pakuti zochoka ku Kabwe zimasungidwa bwino: chigaza cha munthu wakalekale chimene chinafukulidwa mumgodimo mu 1921 chikadali ku London.

Mwana amene mtovu wake wafika mamaikrogalamu 45 pa desilita ya magazi, pamene 5 okha ndi okwanira kudetsa nkhawa bungwe la WHO, amapatsidwa mankhwala omanga mtovuwo kuti utuluke ndi mkodzo. Akamaliza mankhwala, nkofunika kumubwezera pabwalo lomwelo, aziseweranso m'dothi lomwelo, kuti ofufuza a chaka chamawa asadzabwerere chimanjamanja. Mayi amalangizidwanso kudzala kapinga pakhomo ndi kumamuthirira, nkhani yosavuta kwa amene madzi amagula pa chigubu, komanso kuletsa mwana wokwawa kuika zala m'kamwa. Mphepo ya mu Ogasiti, imene imaulutsa fumbi la chimulu cha zotsalira za mgodi chotchedwa Black Mountain, sinaitanidwepo ku msonkhano uliwonse, koma ikuyembekezeka kutsatira malangizowo.

Chofunika kusamala koposa ndi chiwerengero. Mu 2020 maloya anakasuma ku khoti la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi pafupifupi 140,000, kusumira kampani ya Anglo American, imene imakana mlanduwo ponena kuti sinali mwini mgodi. Mu Disembala 2023 khotilo linakana kuti odandaulawo aimbe mlandu pamodzi, ndipo mwa zifukwa zake linati mlandu wa khamu lotere sungayendetseke. Motero anthu a ku Chililalila ndi anansi awo a ku Kasanda ndi Chowa akulangizidwa kuti azidwala ochuluka mokwanira kudzaza lipoti, koma ochepa mokwanira kukwana m'khoti.