Nkhunda za pa WhatsApp

Pa shedi ya okonza njinga ku Area 25 mu Lilongwe pamakhala bawo, ndipo amene akudikira kuti amumatire tayala amamva zambiri. Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mnyamata wina ankangodyedwa ndi mkulu wa imvi amene onse amamutchula kuti a ku Joni.

"Iwe, mutu wako uli kuti lero?" anafunsa mkuluyo.

"Nkhunda zanga zatha, madala. Khola lonse psiti."

Nkhani yake inali yoti anaona nkhunda ziwiri za mchira wotambasuka pa gulu la WhatsApp, natumiza ndalama pa foni. Wowetayo anakana kuti akaone khola, akuti kwawo n'kutali, ndiye anangokumana pa depoti n'kupatsana katoni. Atafika kunyumba anaziponya m'khola limodzi ndi zake zakale. Sabata isanathe zina zinayamba kupotoka khosi, zitosi zamadzimadzi zobiriwira, kenako kugwa imodziimodzi. Atamuimbira, wogulitsa uja anati zinachoka kwa iye zili bwinobwino, ndipo madzulo ake anamubuloka.

A ku Joni anasiya kusewera. Anati pa nthawi imene ankagwira ntchito ya m'gadeni ku Randburg, abwana awo anagula chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira, chija chimalankhula. Chinabwera ndi mphete kumwendo, yosadula, imene amaveka mbalame ikadali kamwana, chifukwa ikakula siingalowenso. Mpheteyo ndi umboni woti inaswedwa m'khola, ndipo ndi yofunika kwambiri kuyambira 2016, pamene msonkhano wa CITES ku Johannesburg unaletsa malonda a pakati pa mayiko a zinkhwe zotere zogwidwa m'nkhalango.

"Panalinso pepala, mwanawe. Linati upite nayo kwa dokotala wa ziweto masiku atatu asanathe. Akaipeza ndi matenda, ubweze, ndalama yako ibwere. Ukachedwa, zako zimenezo."

Dokotalayo akuti anatenga magazi kukayeza nthenda yothothola nthenga ndi kuwononga mulomo, imene ilibe mankhwala, komanso ina yotchedwa psittacosis, imene imagwira ndi anthu omwe n'kumaoneka ngati chimfine kapena chibayo. Nkhunda nazo zimatha kukhala nayo. Ngakhale zotsatira zinali zabwino, chinkhwecho chinakhala chokha m'chipinda mwezi wathunthu chisanayandikire zinzake.

Anyamata a njinga anafa nacho chikhakhali. "Madala, kuno n'ku 25. Ndani angasainirane pepala chifukwa cha nkhunda?"

Kuseka kwawo n'komveka, pakuti kuyeza magazi a mbalame kungadule kuposa mbalameyo. Koma ine ndikuona kuti anaseka zodulazo n'kuphonya zaulere. Kuika mbalame yatsopano payokha masiku 30 sikufuna tambala, kumangofuna kakhola kena, mbale yake ndi kusamba m'manja. Mbalame imabisa matenda, imadzilimbitsa mpaka tsiku limene igwe, choncho chithunzi cha pa foni sichikuuza kanthu. Igwire m'manja. Fupa la pachifuwa likatuluka ngati mpeni, ndiye kuti yaonda kale. Yang'ana nthenga za kumatako ngati zamata zitosi, mvera kapumidwe kake, itsegule kukamwa uone ngati muli zachikasu zomatirira kukhosi. Ndipo woweta amene akukana kuti uone khola lake wakuuza kale zonse. Za pepalazo, timalemberana pogulitsana njinga yamoto kapena malo, mboni zili pomwepo. Tsamba la m'kope lonena kuti ikafa sabata isanathe tigawana bwanji chitayiko silinaphepo munthu.

Amene anaitembenuza nkhani ndi mayi wogulitsa mandasi pambali pa shediyo, amene nthawi yonseyi anali chete.

"Achimwene, zakufazo munataya kuti?"

"Kudzala, mayi."

"Dzala lake liti? Lija la kuseri kwa mpanda? Nkhuku zanga zimapalasa komweko!"

Mnyamata uja anangoti kukamwa yasa. Mayiwo sanalakwe kuda nkhawa. Kachilombo kopotola nkhunda khosi ndi ka mtundu umodzi ndi ka chitopa, ndipo miyezi yotenthayi ndi imene chitopa chimasesa makola. Mbalame yofa ndi matenda imayenera kuwotchedwa kapena kukwiriridwa mozama, osati kusiyira agalu kuti aikokere pakhomo la wina.

Mayiwo anavundikira beseni lawo, n'kumusiyira mwana, nati akukafuna alangizi a ziweto. Katemera wa chitopa wa I-2 amapangidwa mu Lilongwe momwemuno, ku Central Veterinary Laboratory, ndipo amadonthezedwa dontho limodzi m'diso la nkhuku miyezi inayi iliyonse. Amateteza nkhuku imene isanadwale, koma yodwala kale saichiza.