Tatenga chija chili pa uja

Ine ndili m'gulu la amuna amene potuma mwana timangoti, "Iwe, tatenga chija chili pa uja," ndipo akabwera ndi nkhwangwa m'malo mwa lumo timayamba kudandaula kuti ana a masiku ano alibe makutu. Choncho musadabwe kuti nkhani ya akatswiri a makompyuta amene akulephera kutuma makina awo ndaitenga ngati ya pachibale. Anthu ophunzira, olandira malipiro m'madola, agwera m'dzenje limene ine ndinamangamo nyumba kalekale, ndipo ndikuwalandira ndi manja awiri.

Mapulogalamu a AI anasiya kungocheza, tsopano amatumidwa ntchito. Amapatsidwa zida, china chosakira mafayilo, china chotumizira kalata, china cholipiritsira kasitomala. Kampani ya OpenAI inatsegula njira imeneyi mu June 2023, ndipo mu November 2024 Anthropic inatulutsa ndondomeko yotchedwa Model Context Protocol yolumikizira zidazi. Chida chilichonse chimafika kwa mtumiki wa AI ndi zinthu zitatu: dzina, mawu ochilongosola, ndi mndandanda wa malo oti adzaze. M'kati mwake saonamo. Sangachigogode, sangachinunkhize, sangafunse mnzake wakale pantchitopo. Ngati mawuwo akungoti "chimasaka zinthu", ndipo pali chida chinanso cholembedwa kuti "chimafufuza zinthu", mtumikiyo ali pomwe paja pali mwana wanga, pakati pa nkhwangwa ndi lumo. N'chifukwa chake ndikuti ubwino wa malongosoledwe otere suweruzidwa ndi mwini wake powawerenga n'kugwedeza mutu. Umaweruzidwa ndi zimene wotumidwayo wabwera nazo m'manja.

Wina ati, makina amenewa si amati ndi anzeru kuposa ife, bwanji osangozindikira okha? Nzeru sizilowa m'malo mwa chinthu chimene munthu sanauzidwe. Kampani ya Stripe, yothandiza amalonda kulandira ndalama pa intaneti, imawerengera madola m'masenti, moti wofuna madola 100 ayenera kulemba 10000. Wolongosola chida akangolemba kuti "ndalama zake", mtumiki wanzeruyo akhoza kulemba 100 mokhulupirika, wamalonda n'kulandira dola imodzi. Mu 1999 bungwe la NASA linataya chombo cha Mars Climate Orbiter chifukwa gulu lina linkapereka manambala m'miyeso ya mapaundi pomwe lina linkawawerenga m'miyeso ina. Onsewo anali anthu a masamu, osati ngati ine amene chenji cha minibasi ndimawerengera kawiri n'kulakwitsabe. Choopsa ndi makinawa n'chakuti kawirikawiri sabwerera kudzafunsa. Mwana amaima pakhomo n'kukanda mutu, pomwe iwowa amadzaza malo onse molimba mtima. Safunsa adadya phula, koma uyu amadya n'kukuuzani kuti unali uchi.

Wina ati, ndiye lembani zonse, ngakhale masamba atatu. Apa pali anthu a mtundu wanga wachiwiri, amene potuma mchere timayambira mbiri ya mwini golosale. Mtumiki wa AI ali ndi malire a mawu amene angasunge nthawi imodzi, ndipo kawirikawiri malongosoledwe a zida zonse amalowa m'menemo ntchito isanayambe, mawu aliwonse akulipiridwa. Zida zikachuluka, chilichonse ndi ulaliki wake, funso la mwini ntchito limamira. Komanso m'mawu ambiri mumabisala njoka. Mu April 2025 ofufuza a Invariant Labs anaonetsa kuti munthu wakuba akhoza kubisa malangizo m'malongosoledwe a chida, ouza mtumikiyo kuti awerenge mafayilo achinsinsi n'kuwatumiza kwina, mwini kompyuta akungoona dzina lowoneka laulemu. Zofunika n'zochepa ndithu: chidachi chimachita chiyani, chigwiritsidwe liti, chisagwiritsidwe liti, muyeso ndi uti, chikalephera chimanena chiyani. A Anthropic amalangiza kulemba ngati ukufotokozera munthu wongolembedwa kumene ntchito, ndi kutchula malo kuti user_id m'malo mongoti user, kuti zidziwike ngati akufuna nambala kapena dzina.

Palinso ena amene amapereka malongosoledwe kwa AI ina kuti iwachonge ngati mphunzitsi, malikisi 8 pa 10. Sindikukana, zimathandiza kugwira amene anaiwala muyeso. Koma wochongayo akuona kalembedwe kokha, sanapite ndi mtumikiyo kumsika. Mayeso enieni ndi otopetsa. Mumakonza ntchito zambiri zenizeni, kuphatikizapo zina zosafuna chida chilichonse, mumatuma mobwerezabwereza, n'kuwerenga kuti ndi kangati watola chida cholakwika, kangati wadzaza zolakwika, kangati wazungulirazungulira asanafike. Kenako mumasintha chiganizo chimodzi, mtumiki yemweyo, n'kutumanso pa ntchito zimene sanazionepo. Ku yunivesite ya California ku Berkeley ali ndi mndandanda wopikisanitsa makina pa luso logwiritsa zida, koma umenewo umayesa mwana, ine ndikuti tiyesenso bambo.

Ndikudziwa kuti mayeso oterewa atabwera kwathu, mwana mmodzimodziyo akutumidwa ndi ine kakhumi ndi mayi ake kakhumi, zotsatira zake sindingalole kuti ziwerengedwe pamaso pa apongozi.