Nambala Yanu, Amdala?

Mdala wina wa kwa Luembe anapita kukafuna ulonda pa loji ina m'mbali mwa Luangwa. Abwana anatulutsa fomu. "Nambala yanu, amdala?" Mdala anaitchula pamtima, osaphonya. Abwana anadinadina, foni osalowa. "Manambala awa ndi 9 chabe, a foni amakhala 10." Mdala n'kuti, "Boma linandipatsa choncho ndili mnyamata." Abwana anagwira mutu: "Iyi ndi ya chitupa! Ndikufuna ya foni yanu." Mdala anakanda m'ndevu. "Ya foniyo si yanga, ndi ya alamu. A ZICTA atati simu iliyonse ilembetsedwe ndi NRC, chitupa changa chinali chikole kwa amayi a kachasu."

Ntchito anaipeza ndithu. Tsiku loyamba abwana anamupangira lamulo: "Ndikaimba muzipezeka, usiku ndi usana." Lolemba mlonda osaoneka. Lachiwiri zii. Lachitatu abwana anaimba atapsa mtima, foni n'kuyankhidwa isanalire kawiri. "Muli kuti kodi?" "Pachulu, abwana, kuseli kwa sukulu. Munati ndizipezeka pafoni. Kuntchito kwanuko kulibe netiweki."

Tiyeni ku Nyimba, pamsewu wa Great East pomwe mabasi a ku Chipata amaimira nthochi. Mtsikana wina wogulitsira amayi ena anakana kwamtuwagalu kupereka nambala yake. "Foni ndinagula ndekha, amayi, ndi yachinsinsi." Mwezi utatha amayi aja anati, "Mwanawe, kuyambira lero malipiro ndi pafoni." Mtsikana anang'amba kakatoni, n'kulembapo mizere itatu: ya 097, ya 096 ndi ya 095. "Nanga nditumize pa iti?" "Musavutike kusankha, amayi. Paliponse."

Kapitawo wa pafamu ina ku Petauke nayenso ali ndi masimu atatu. Ya Airtel ndi ya akazi ake, ya MTN ndi ya anzake a kumpira, ya Zamtel anapatsa abwana. Tsiku lina abwana anadandaula kuti chaka chonse nambalayo siinalowepo. Kapitawo anapisa m'thumba, n'kutulutsa kabokosi ka machesi, n'kutsegula mwaulemu. "Nayi, abwana, ndimaisamala. Ngakhale fumbi siinaone."

Mphwake wa kapitawoyo amaphunzira ku Lusaka. Atabwera kutchuthi anati, "Amalume, dziko lino lili ndi lamulo, Data Protection Act la 2021. Wolemba ntchito sangaseweretse data yanu mmene wafunira." Amalume sanagone tulo. M'mamawa anali kale mu ofesi, chipewa kumanja. "Abwana, lamulo lakupezani. Chilowetsereni nambala yanga m'gulu lanu la WhatsApp, ndi mavidiyo a amphaka okhaokha. Data yanga ya sabata imatha Lachiwiri. Boma lati muiteteze."

Tidakali pafamu pomwepo. Mnyamata wa pathirakitala anasiya foni patebulo la abwana, nakamwa madzi. Abwana anafuna kuona ngati nambala yomwe anawapatsa ndi yoona, n'kuimba. Foni inalira pamphuno pawo, pagalasi patalembedwa kuti "Njovu Yalowa M'munda". Mnyamata pobwera anangoona nkhope, n'kudziwa kuti zavuta. "Ndi ulemu umenewo, abwana. Kwathu kwa Luembe njovu timaiopa." "Nanga akazi anga unawalemba chiyani?" "Mwini Njovu."

Pali abwana ena ouma manja, a chigayo cha pamsika, amene sawononga tokutaimu: amangopeja kuti wantchito aimbe. Wantchitoyo naye n'chimodzimodzi. Loweruka lina abwana anapeja, iye anapeja. Abwana anapejanso, iye anabwezera. Mpaka dzuwa kulowa. Lolemba abwana anakalipa: "Ndimafuna kukuuza kuti chigayo chafa!" "Inenso, abwana, ndimafuna kukuuzani zomwezo. Ndine ndinachipha."

Wina anapempha masiku atatu, ati maliro a azakhali ku Petauke. Tsiku lachiwiri abwana anaimba kuti apepese. Mnyamata anayankha ndi mawu achisoni, akufwenthera. Mwadzidzidzi kumbuyo kunaphulika mfuu: "Chigoliii! Chipolopolo!" Abwana anakhala chete. Mnyamata anausa moyo. "Mwamva nokha, abwana. Malemu ankaukonda mpira."

Tibwerere kwa mdala wathu wa pachulu uja. Tsiku lina powoloka Luangwa pabwato, foni inaterereka m'thumba la malaya n'kugwera m'madzi, ng'ona ili chapafupi. Madzulo anakanena kwa abwana. "Tsopano ndizikupezani bwanji?" "Nambala ndi yomweyo, abwana, musaifufute. Koma akakuyankhani, ameneyo musamuitane kuntchito."