Tsiku limene anandifunsa maganizo

Ine ndine munthu wa maganizo ambiri. Funsani aliyense amene timathyola naye tiyi mzere umodzi, akuuzani kuti dengu langa limachedwa kudzaza chifukwa pakamwa pamathamanga kuposa zala. Pofika pasikelo ndimakhala nditamanga kale milatho itatu, nditathira phula msewu uliwonse m'Thyolo muno, nduna ziwiri nditazichotsa ntchito. Makilo okha ndiwo amaperewera.

Dandaulo langa lakhala limodzi zaka zonsezi: satifunsa. Ndipo poyamba linali lomveka. Makhansala tinawasankha mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala lopanda khansala mpaka chisankho cha patatu cha 2014. Zaka zimenezo ndinadandaula mokoma, poti wondifunsa kunalibe. Makhansala atabwerera sindinasiye. Munthu sataya luso lake chifukwa cha chisankho.

Mwana wanga wa Fomu 3, Chifundo, ndiye anandilongosolera mmene zinthu zimayenera kuyendera. Akuti maganizo amayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ija amati VDC, kwa a gulupu. Akachoka apo amapita ku komiti ya chitukuko ya dera, ija amati ADC, kwa a T/A, kenako ku khonsolo pa Boma, kumene amakalowa m'ndondomeko ya chitukuko cha boma lonse. Ndalama zina zimachokera ku thumba lija la CDF. Ndinamuuza kuti ulendo umenewo ndimaudziwa, ndi wa tsamba la tiyi. Lichoka m'dengu, likwera sikelo, likwera thirakitala, kufakitale alifotetsa, aliduladula, aliumitsa, mpaka kukagulitsidwa ku okushoni ku Limbe. Pofika kumeneko, iwe amene unalithyola sungalizindikire.

Chinanso chimene chinkanditeteza ndi nthawi. Misonkhano inkachitika Lachiwiri m'mawa, mvula ili pakati, tiyi ataphukira mochititsa nthumanzi. Kapitawo salemba tsiku kwa munthu amene wapita kokapereka maganizo. Choncho ndinkatsala m'munda ndi mtima woyera, n'kumanena kuti akanandiitana ine akanamva zoona.

Tsoka ilo, khansala watsopano amene tinasankha mu Seputembala 2025 anaitanitsa msonkhano Lamulungu masana, pabwalo la sukulu.

Mayi a kunyumba anangoti, "Bambo a Chifundo, mwayi wanu uja ndi umenewu. Mukanene za mlatho. Ana akuoloka madzi a m'chiuno popita kusukulu." Ndinati amenewo ndi mawu ochepa, ine ndikanena zonse. Usiku ndinayeserera kuseri kwa bafa, mbuzi zikumvetsera. Kutacha ndinavala jekete la ukwati, lomwe tsopano limangomangika batani limodzi.

Msonkhano unayamba ndi pemphero, kenako ulemu: a gulupu, a nyakwawa, a wapampando, a mphunzitsi wamkulu, akuluakulu a mipingo, aliyense ndi m'manja mwake. Zikhatho zinatentha chitukuko tisanachitchule. A khansala anatsika panjinga yamoto, n'kunena kuti lero sanabwere kudzayankhula koma kudzamva. Anatilongosolera zimenezi kwa mphindi makumi anayi.

Kenako maso awo anagwera pa ine. "Abambo a jekete apo, tiyambireni."

Abale anga, mawondo ali ndi nzeru zawozawo. Ndinaimirira, malovu n'kuuma, mlatho uja n'kukokoloka m'mutu. Ndinathokoza a gulupu. Ndinathokoza a khansala pobwera. Ndinathokozanso a gulupu. Ndiye ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Zambiri anena kale anzanga amene andiyamba."

Ine ndinali woyamba kuyankhula.

Anthu anaseka mpaka mwana wina anagwa pabenchi. Amene anandipulumutsa ndi agogo ena a chitenje chothetheka, amene sanathokoze aliyense. Anati mlatho, anati mjigo unafa chaka chatha, anati nthochi zinatha ndi chisaka ndipo mbewu yatsopano sanaione. Pomaliza analoza kumtunda kumene tiyi wabiriwira mpaka kuphiri, n'kufunsa kuti zidzukulu zawo zidzalima pati, poti munda wawo ukuchepa ndi bwalo la mpira wa manja. Pabwalo panati zii. A khansala anakanda m'mutu n'kunena kuti za malo n'zazikulu, zoposa khansala. Komabe a mlembi analemba m'kabuku kawo, ndinawaona ndi maso angawa.

Itakwana nthawi yosankha chofunika kwambiri, anati munthu akweze mkono kamodzi kokha. Ine ndinakweza pa mjigo, ndinakweza pa mlatho, pa zimbudzi za pasukulu ndinakweza yonse iwiri. A wapampando anandipempha mwaulemu kuti manja ndiwaike m'thumba.

Kulimba mtima kunandibwerera msonkhano utatha. Ndinawathamangira a khansala akuliza njinga, ndinawagwira mkono, n'kuwanong'oneza maganizo anga enieni: ya sopo. Potembenuka ndinapeza mzere kumbuyo kwanga, wina wa fizi, wina wa malata, wina wa bokosi la maliro. Mzere umenewo unali wautali kuposa wa ofuna mlatho. A khansala anagwiragwira m'matumba n'kuti tionana.

Kunyumba anandifunsa kuti zayenda bwanji. Ndinati ndawauza mosapsatira, mpaka a khansala thukuta kamukamu. Ndinaiwala kuti mwana anagwa pabenchi uja ndi wa neba wathu.

Mlatho unakhala wachiwiri pa mndandanda, unaperewera mavoti awiri kuti upose mjigo. Msonkhano wina uliko mwezi wamawa. Akupita ndi mayi a Chifundo, ine andiuza kuti nditsale ndiziyang'anira nandolo pamoto.