Za Kabokosi Kotchedwa Relay ndi Ulemu wa Mlimi wa Fodya

Mwa zida zonse zimene zimakhala pansi pa boneti ya galimoto, palibe chonyozeka kuposa kabokosi kotchedwa relay, kamene msinkhu wake sufika ngakhale pa bokosi la machesi, koma kamene kakanyanyala kamasandutsa galimoto yozizira bwino kukhala uvuni wa njerwa. Relay ndi swichi imene imayatsidwa ndi magetsi m'malo mwa chala cha munthu. Magetsi ochepa ochokera ku batani amadutsa m'kawaya kokulungidwa kambirimbiri, kawayako kamasanduka maginito, maginitowo amakoka kachitsulo, ndipo kachitsuloko kakagunda kanzake kamatsegulira njira magetsi ambiri ochokera ku batire ya mavoti 12. Mbiri imatchula Joseph Henry, wasayansi wa ku America, ngati mmodzi mwa amene anayambitsa chidachi cha m'ma 1835, ndipo n'zosachita kufunsa kuti mkuluyo sankadziwa kuti luso lake lidzachititsa manyazi bambo wina wa ku Kasungu pamaso pa apongozi ake.

Bambo ameneyo ndi mlembi wa danga lino, mlimi wa fodya wa bale amene chaka china mabelo ake anayenda bwino ku okushoni ya Chinkhoma, mwakuti asanamalize kuwerenga ndalama anali atagula kale Toyota yogwirapo ntchito ku Japan, ya mtundu uja umatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno kudzera pa chipata cha Songwe. Aliyense amene anayendapo pa chidikha cha Kasungu mu Okutobala, pamene minda ili mbee, zigafa zili mbuu ndipo fumbi likuyenda lokha popanda woliputa, amadziwa kufunika kwa makina oziziritsa m'galimoto, amene anthu amangowatchula kuti AC. Komabe kuziziritsa ndi ntchito yachiwiri chabe ya makinawa. Ntchito yake yoyamba ndi kupatsa mwini galimoto chifukwa chomveka chotsekera magalasi, kuti achibale ofuna kukwezedwa ndiponso anthu amene anamukongoza feteleza azingoona dzanja likuwabayibitsa m'kati, ngati la nduna yopita kukatsegulira mlatho.

Kuti nkhaniyi imveke, n'kofunika kufotokoza mmene kuziziraku kumapangikira. Mtima wa makinawa ndi kompresa, imene ndi pampu yopanikiza gasi, ndipo m'magalimoto ambiri a msinkhu wa ya mlembiyu gasiyo ndi wotchedwa R134a, amene analowa m'malo mwa R12 maiko atagwirizana ku Montreal m'chaka cha 1987 kuti asiye mipweya yowononga mlengalenga. Gasi wopanikizidwayo amatentha, amapita kukapola m'kondensa imene ili kutsogolo kwa radiyeta, kenako amapumira mwadzidzidzi m'timapaipi tobisika kuseri kwa dashibodi, ndipo pamenepo amazizira kwambiri moti fani ikauzira mphepo pa timapaipito, okwera amaiwala kuti ali ku Kasungu. Kompresa imazunguzidwa ndi lamba wa injini, koma siigwira ntchito nthawi zonse. Ili ndi kilatchi ya maginito imene imailumikiza ku gudumu la lamba pokhapokha italandira magetsi, ndipo mlonda wa pachipata cha magetsiwo ndi relay uja. Pa Toyota zambiri malo ake analembedwa kuti MG CLT pa chivundikiro cha bokosi la mafyuzi, zilembo zimene mlembiyu anaziyang'ana kangapo konse n'kuganiza kuti ndi dzina la munthu wa ku Japan amene anali mwini galimotoyo poyamba.

Odziwa ntchitoyi amagwirizana kuti AC ikayamba kuuzira mphepo yotentha, kufufuza kumayambira pa chotchipa n'kumakwera. Choyamba munthu amatchera khutu, chifukwa batani likadinidwa injini ili kulira, kilatchi yamoyo imamveka kuti "tha", ndipo kulira kwa injini kumasinthako pang'ono. Kukakhala zii, amazula fyuzi n'kuiyang'ana padzuwa kuti aone ngati kawaya kake kanaduka. Fyuzi ikakhala yabwino amafika pa relay, ndipo njira yachidule ndi kuisinthanitsa ndi inzake yofanana nayo miyendo ndi nambala, imene kawirikawiri imakhala ya hutala. Amene ali ndi mita yoyezera magetsi amayeza miyendo yake, imene pa ma relay ambiri imakhala ndi manambala 85 ndi 86 kumbali ya maginito, 30 ndi 87 kumbali ya magetsi ambiri. Zonsezi zikapezeka zili bwino m'pamene amakayikira gasi, popeza pali swichi ina imene imakaniza kompresa kuyaka gasi akachepa, ndipo kompresa yeniyeniyo, imene ndi yodula kuposa zonse, imaimbidwa mlandu pamapeto. Relay imathanso kufa mwa njira ina, tizitsulo take tikawotcherana n'kukana kusiyana, ndipo zikatero kilatchi imamwa magetsi usiku wonse mpaka m'mawa ana a sukulu n'kupeza ganyu yokankha galimoto.

Mlembiyu anatsatira ndondomeko yomweyi mosaphonya, kungoti anaiyambira kumapeto. Chifukwa chake si umbuli wokha ayi, koma matenda amene amagwira munthu amene fodya wake anagulidwa pa mtengo wa madola a ku America, matenda okhulupirira kuti galimoto ya munthu wolemekezeka siingadwale nthenda yotchipa. Tsiku la tsokalo linali Loweruka lina mu Okutobala, pa msewu wa M1 kulowera ku Nkhamenya ku chinkhoswe, mayi a kunyumba ali kutsogolo, apongozi aakazi ali kumbuyo atavala chilundu chatsopano. Asananyamuke, mlembiyu anali atalengeza kuti m'galimoto muno magalasi satsegulidwa chifukwa mphepo yake ndi yochokera ku Japan. Atangodutsa Chinkhoma mphepo ya ku Japan ija inasanduka mpweya wa m'ng'anjo, ndipo popeza mwambo sulola mkamwini ndi apongozi kuyankhulana mwachisawawa, gogoyo anangoyamba kudzipepesera ndi mpango mwakachetechete, thukuta likuyenderera m'khosi ngati mtsinje wa Bua mu Febuluwale. Mayi a kunyumba ndiwo anaswa chete pofunsa kuti, "Bambo a ana, kodi ku chinkhosweko anakuuzani kuti ndiwo zachepa, kuti mutifikitse titapsa kale?" Magalasi anatsegulidwa, fumbi linalowa, ndipo banja lonse linafika ku chinkhoswe lili ndi mtundu umodzi ndi msewu.

Makaniko woyamba, amene garaja yake ndi mthunzi wa mtengo wa mango, sanatsegule n'komwe bokosi la mafyuzi, koma anagwira paipi imodzi, anapukusa mutu ngati wofika pamaliro mochedwa, n'kugamula kuti gasi watha. Popeza gasi salowa bwino kompresa itaima, anatenga waya n'kulumikiza kilatchi molunjika ku batire, ndipo kilatchiyo inalira kuti "tha", kompresa inazungulira, mphepo yozizira inatuluka. Kwa munthu woganiza, umenewo unali umboni wokwanira wakuti kompresa ili moyo ndipo vuto lili panjira ya magetsi, koma pamalopo panali amuna awiri, wina wofuna kugulitsa gasi, wina wofuna kuoneka kuti angakwanitse kugula, choncho umboniwo unasowa woulandira. Waya uja atachotsedwa kutentha kunabwerera, ndipo makanikoyo analongosola kuti gasi watsopano amafuna masiku atatu kuti azolowere galimoto. Mlembiyu anavomera ndi mutu ngati munthu amene ankadziwa kale zimenezo.

Makaniko wachiwiri anasintha lamba amene analibe mlandu uliwonse. Alamu ake a mlembiyu, amene chidziwitso chawo cha magalimoto chimathera pa kukhala mpando wakutsogolo, anabwera ndi ganizo lakuti zinthu zotere sizichitika zokha m'mudzi mmene munthu mmodzi yekha ndiye wagula galimoto, ndipo anadzipereka kuperekeza mlembiyu kwa munthu wina wodziwa zitsamba, malinga mafuta ndi chakudya cha panjira zikhale za mwini galimoto. Pofika sabata yachitatu ndalama zokwana belo lathunthu zinali zitapita, ndipo mlembiyu anali atatsimikiza zoyenda makilomita pafupifupi 130 kupita ku Lilongwe kukagula kompresa ina, akulankhula za ulendowo mokweza mawu pa sitolo kuti anthu amve kukula kwa vuto lake. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo, koma sananene kuti fodya amathanso kupita ndi mphepo yotentha ya m'galimoto.

Chipulumutso chinachokera kwa kamnyamata kopatsira masipanala pa garaja ina pa boma, kamene malaya ake anali ataiwala mtundu umene anabadwa nawo. Abwana ake atapita kukadya, kanapempha mwaulemu kuti, "Madala, tatsegulani boneti tingoona." Kanatsegula bokosi lakuda lija, kanawerenga chivundikiro ndi chala, kanazula tibokosi tiwiri n'kutisinthanitsa malo, kenako kanati, "Talizani injini, mudine batani." Kilatchi inalira kuti "tha". "Tsopano taimbani hutala." Hutala inangoti zii. Ntchito yonseyo inatenga nthawi yochepa kuposa imene munthu amatenga kumanga ndindi imodzi ya fodya, ndipo kamnyamatako kanaonetsa mlembiyu relay yakufayo, miyendo yake itada ndi kupsa, n'kunena kuti yatsopano mtengo wake sufika pa nkhuku yoti n'kuphera mlendo. Mlembiyu anakhumudwa kwambiri, chifukwa munthu amene wauza mudzi wonse kuti akudwala nthenda yofuna chipatala chachikulu sasangalala akauzidwa kuti ndi thekenya. Anapatsa mnyamatayo ya fanta, n'kumulangiza kuti azilimbikira ntchito kuti tsiku lina adzadziwe zinthu zikuluzikulu ngati makompresa.

Phunziro la nkhaniyi ndi lakuti wofufuza vuto la AC ayambe ndi khutu, atsatire fyuzi, asinthanitse relay, ndipo chikwama achitulutse pomalizira. Komanso kuti relay yobwerekedwa ku hutala iyenera kubwezedwa tsiku lomwelo pogula ina, chifukwa galimoto yopanda hutala ndi mlandu pamsewu. Mbali yomalizayi mlembiyu akuivomereza ndi mtima wonse, ndipo akhala akukonza zoitsatira fodya wa chaka chino akangogulitsidwa. Pakadali pano, oyendetsa kabaza, eni ngolo, mbuzi ndi onse oyenda pansi pakati pa Chinkhoma ndi boma la Kasungu akupemphedwa kuti akaona Toyota yotseka magalasi ikubwera mwakachetechete, m'kati muli bambo wozizidwa bwino akumenya chiwongolero ndi kukuwa mawu osamveka, apatuke msanga, chifukwa kumeneko ndiye kuimba hutala kwake.