Akatswiri a mtengo wa usipa

Kuno ku Ngumbo mchere ungathe, netiweki ingathawe, koma katswiri wa zamalonda sanasowepo. Bwerani padooko m'mawa mabwato akamakocheza. Mudzatipeza tili ndandanda pansi pa mango, manja m'matumba opanda kanthu, tikulosera mtengo wa usipa. Ndakalambira pamthunzi umenewu, ndiye mitundu yathu ndikuidziwa.

Woyamba ndi uja wa "ndinanena". Usipa ukakwera: "Si ndinanena ine?" Ukatsika: "Si ndinanena ine?" Tsiku limene ananenalo palibe amalikumbukira.

Wachiwiri ndi wa mlamu. Ali ndi mlamu wake dalaivala ku Songea, ndipo nkhani yake iliyonse imayamba ndi "alamu akuti". Chitsegulireni msewu wa tala wochokera ku Mbinga kufika ku Mbamba Bay, alamuwo akhala akubwera ndi lole sabata yamawa kudzagula usipa wonse wa m'nyanja.

Wachitatu ndi wa kope. Kopelo analanda la mwana, cholembera chili kukhutu. Amajambula mizere yokwera ndi yotsika, amasintha mashilingi kukhala makwacha kuti atiuze mtengo wa kutsidya ku Nkhata Bay. Chibadwire sanagulepo usipa woposa wa ndiwo.

Achinayi ndi agogo ena osoka ukonde. Iwo amangoti mwezi ukawala nyali za asodzi sizikopa usipa, mwera ukawomba mu Juni ndi Julayi mabwato amagona pamchenga, ndipo usipa ukasowa umadula. Basi. Ife timati nzeru zimenezo n'zopanda sukulu.

Wachisanu ndine, womvera aliyense.

Chaka chatha mu Januwale wa kope anandikokera pambali. "Achimwene, usipa wagwa mtengo. Gulani tsopano, muumitse, musunge mpaka mwera. Mzere uwu mukuuona?" Ndinauona. Unakwera mpaka kutuluka papepala. Wa mlamu anawonjezera kuti lole ili m'njira. Ndinatapa ndalama za mayi akunyumba m'chitini cha pansi pa bedi, n'kugula ndowa 12 za usipa wauwisi, n'kuyanika pathandala. Agogo aja anayang'ana mitambo, anayang'ana ine, n'kupitiriza kusoka.

Mvula inagwa masiku atatu osapuma. Tsiku lachinayi thandala langa linkanunkha mpaka agalu ankalilambalala. Ndinagulitsa zonse kwa mayi wina woweta nkhumba, ndipo ndalama yake inangokwana sopo wochapira fungolo. Woyamba kudzandipepesa anali wa "ndinanena". Zimene ananena mukuzidziwa kale.

Kunyumba sikunamveke phokoso. Mayi anangondipakulira ugali wa chinangwa ndi chigwada chopanda mafuta.

"Bambo, akatswiri anuwo, ndani mwa iwo amene anaikapo yake?"

Ndinati nkhani za misika n'zozama, sizofotokoza munthu akudya.

"Nanga bwanji sanakuuzeni chifukwa chimene usipa umatsikira mtengo m'dzinja? Ndani angaulimbirane poti dzuwa louumitsa kulibe?"

Mayi ameneyu wagulitsa usipa zaka 20, kope alibe, ndipo sanakhalepo pansi pa mango paja ngakhale tsiku limodzi. Chitini anachisamutsa, kumene chili ine sindikudziwa.

Koma musandimvere chisoni. Popeza ndinaluzapo, tsopano padooko amati ndine wodziwa zinthu, ndipo anyamata amandipatsa mpando. Dzulo lomweli ndagula kope langa.